Kalilole wa Njinga pa Zenera la Apongozi

Ku koleji ndinakhalako nthawi yokwanira kudziwa kuti mpweya uli ndi zigawo, koma yosakwanira kuti wina andilembe ntchito chifukwa chodziwa zimenezo. Nditabwerako ku Chipata ndi chikwama changa, ndinachita zimene munthu wophunzira theka amachita: ndinakwatira. Mkazi wanga ndi wa mudzi wina wa ku Vubwi, kumene foni ikangofuna imakulandira ku Malawi usananyamuke pampando. Monga mwa mwambo ndinapita kukakhala kwawo, ndipo ndinasanduka mkamwini.

Kwa amene sanaulaweko ukamwini, ntchito yake ndi kulima, kufolera, kukhala chete ndi kuthawa apongozi aakazi. Yomalizayi ndiyo yaikulu. Suwayang'ana kumaso, sudya nawo, sulowa m'nyumba mwawo, ndipo mukakumana panjira yopapatiza umapatukira kutchire ngati wakumbukira kuti unasiyako kanthu. Pa ntchito imeneyi ndinali katswiri. Chitedze cha m'mbali mwa njira ya kudimba chinkandidziwa bwino. Mwana wathu anabadwa, anakwawa, anayenda, anafika pomatukwana nkhuku, ine nkhope ya apongozi ndisanaione bwinobwino. Ndinkawadziwa zidendene, chitenje chobiriwira ndi mawu. Makamaka mawu. Ntchito yawo inali yogula nshawa, mtedza uja, m'midzi n'kukagulitsa kumalire, ndipo mawu awo ankatha kutsitsa mtengo munthu wogulitsayo ali tsidya lina la mtsinje.

Tinkalankhulana ndithu, koma kudzera mwa mwana. Kamtsikana kathu katangodziwa kulankhula kanapatsidwa udindo wa lamya. Apongozi ankatha kuima kumbuyo kwanga kwenikweni n'kunena kuti, "Iwe, kawauze atate ako kuti mbuzi zawo zadya chinangwa changa, ndipo chaka chino ndidya mbuzi."

Mwana ankatembenuka n'kundiuza kuti, "Akuti mbuzi."

"Kawauze ambuya kuti ndamva, ndapepesa, ndipo mbuzizo ndikhala nazo pansi."

"Akuti amva."

Mawu ambiri ankatayika panjira, koma mwina n'chifukwa chake nkhondo sinabukepo.

Atasiya kuyamwa, mwanayo anasamukira kwa ambuya ake, monganso mwa mwambo. Zifukwa zake akuluakulu amazidziwa, ndipo ine sindinatsutse. Ankagona nawo mphasa imodzi, bulangete limodzi, mutu uli m'khwapa mwawo. Nyumbayo inali ya njerwa zootcha ndi malata, yomangidwa ndi malemu apongozi aamuna chaka chimene thonje linagulidwa bwino. Mpata wa zenera la kuchipinda unasiyidwa, koma felemu inayenera kudikira thonje la chaka chotsatira, choncho anangosanjamo njerwa mongoyembekezera. Mukayenda kuchokera ku Sinda mpaka kwathuko mudzaona mazenera oyembekezera otere ambirimbiri. Ena ayembekezera mpaka aona zidzukulu. M'chipinda cha apongozi usana ndi usiku zinkasiyana dzina lokha.

Chifuwa chinawayamba nyengo yozizira, titakolola. Poyamba tinati ndi fumbi la nshawa. Kenako tinati ndi mphepo. Anamwa madzi a mandimu, anafukiza masamba a bulugamu, chifuwa osamva. Chitenje chobiriwira chija chinayamba kutsala chambiri pomanga, ndipo mkazi wanga ankati bulangete limadzuka lonyowa ndi thukuta kunja kukuzizira. Pamenepo amalume a mkazi wanga, eni mbumba, anandiitanira kuseri kwa khola n'kundifunsa mwaulemu kwambiri kuti paja ulendo wa ku Katete wokagula feteleza uja ndinagona kuti. Munthu akamatsokomola n'kumawonda, akuluakulu amayamba aganizira mdulo, matenda amene amati amagwa pakhomo wina wapabanja akayenda njira zosayenera. Ndipo poti mlendo pamudzi ndinali ndekha, kafukufuku sanachedwe. Ndinayankha kuti ndinagona pabenchi poimira minibasi, nditakumbatira thumba la feteleza, ndipo palibe chinachitika pakati pa ine ndi thumbalo.

"Hmm," anatero amalume.

"Hmm" ameneyo ananditsatira kumunda, kudimba ndi kutchalitchi komwe.

Amene anandipulumutsa ndi makhololo. Mkazi wanga anawatengera amayi ake kuchipatala, kumeneko anawapatsa kabotolo kolavuliramo, ndipo zotsatira zinati ndi chifuwa chachikulu, TB. Ndinayesetsa kuti nkhope yanga isaoneke ya munthu amene wawina mlandu.

Madzulo ake mkazi wanga anafotokozera banja lonse zimene anesi ananena. Matendawa amachizika, koma mankhwala ake ndi a miyezi isanu ndi umodzi, osadumphitsa ngakhale munthu atayamba kupeza bwino, ndipo pafunika wina wapakhomo woonerera m'mawa uliwonse kuti amezadi. Amayenda mumpweya wodwala akatsokomola, choncho azitseka pakamwa ndipo mazenera azikhala otsegula. Onse okhala nawo akayezedwe. Koma chachikulu ndi mwana wamng'onoyo: asagone nawo chipinda chimodzi mpaka achipatala atalola, ndipo apite naye akamuone n'kumupatsa mankhwala oteteza, chifukwa ana aang'ono matendawa sawachitira chifundo.

Mudzi unamvetsera mwachidwi, kenako unasankha kuchita zimene anesi sananene. Kapu ya apongozi inamangidwa kansalu kofiira pachogwirira n'kupachikidwa pamsomali pakhonde, payokhayokha. Mbale ndi supuni yawo zinapatsidwa beseni lakelake. Mwana akangoyandikira kapuyo anthu ankakuwa ngati aona njoka. Kenako dzuwa likalowa, mwana yemweyo ankamusambitsa bwinobwino, n'kumulowetsa m'chipinda chopanda zenera chija, n'kutseka chitseko, n'kutsekanso mpata wa pansi pa chitseko ndi chiguduli kuti odwala asalowedwe mphepo. Kapu inkagona panja pampweya wabwino. Pamudzi ponse, kapuyo ndiyo inatsatira malangizo a chipatala.

Ine zimenezi zinkandisowetsa mtendere, chifukwa mwanayo, ngakhale malamulo a mbumba anene zotani, mphuno ndi yanga. Ndinayamba ndi mkazi wanga.

"Mayi a mwana, kodi anesi sanati mwanayu atuluke m'chipinda muja?"

"Ananena."

"Nanga?"

"Nanga inu mukufuna ndikawauze amayi anga, akudwala chonchija, kuti ndabwera kudzatenga mwana? Adzati tawataya. Kuchipatalako ndipita naye, dikirani ndigulitse nshawa zawozi zisanafumbwe."

Ndinapita kwa amalume. Ndinawapeza akusema mpini, ndinakhala pansi, ndinawomba m'manja, n'kufotokoza zonse mwadongosolo.

"Akamwini," anatero osasiya kusema, "mwanayu ndi wa mbumba ino. Inu munabwera ndi chikwama."

"Zoona, amalume, koma nkhani ndi ya mpweya."

"Mpweya umenewo munauphunzira mpaka kumaliza?"

Funsolo linali labwino.

Imene inatsala ndi lamya. Ndinamuitana mwana n'kumuuza pang'onopang'ono kuti, "Kawauze ambuya kuti atate akupempha uzigona kwathu masiku ano." Anathamanga, anakhalitsako, n'kubwera masaya atatupa ndi nshawa zokazinga.

"Wawauza?"

"Ee."

"Wati chiyani?"

"Ndati atate akuti mwadzuka bwanji."

Apa ndinaphunzira chimene ku koleji sanandiphunzitse, kuti sutuma munthu kukapereka uthenga womuchotsa pamalo pamene amadyera.

Njira inatseguka kumbali imene sindinkayembekezera. Mkazi wanga, atatenga malonda a amayi ake, ankalawirira kumsika, ndiye ntchito yoonerera mankhwala inasowa mwini. Amalume anayang'ana uku ndi uku n'kunena kuti, "Paja tili ndi wa ku koleji pano. Azingodya?" Onse anavomera. Ndi pambuyo pake pamene tinazindikira kuti tasankha munthu yekhayo pamudzi amene saloledwa kuyang'ana wodwalayo, kuti aziwayang'ana, ndipo aziwayang'ana akumeza. Komanso apongozi anakanitsitsa kumwera mankhwala panja. Anati safuna odutsa kupita kuchitsime aziwaona akutola mapiritsi m'mawa uliwonse ngati nkhuku, n'kumakawapekera matenda ena. Azimwera kuchipinda, kumene ine sindingalowe.

Ndinaganiza tsiku lonse, ndipo madzulo ndinamasula kalilole wa panjinga yanga n'kupita naye kwa amalume. Ndinati ndikachotsa njerwa imodzi pazenera, n'kukhala panja nditafulatira khoma, ndikhoza kuona m'katimo kudzera m'kalilole popanda kutembenuka.

Amalume anamutembenuzatembenuza kaliloleyo, anadziyang'ana mano, n'kufunsa kuti, "Mukayang'ana umu, mukuona ndani?"

"Chithunzi chabe, amalume."

"Chithunzi si apongozi."

"Si apongozi ayi."

"Koma chithunzicho chikameza, apongozi ameza?"

"Ameza ndithu."

Amalume anandibwezera kaliloleyo. "Sukulu ndi yabwino," anatero, "ngakhale ya theka."

M'mawa mwake ndinayamba ntchito. Ndinasolola njerwa imodzi, m'mpatamo munatuluka mpweya wofunda umene ndikukhulupirira kuti unatsekeredwa malemu akadali moyo. Ndinakhala pakampando, msana kukhoma, ndinakweza kalilole pamwamba pa phewa, ndipo ndinaona mdima.

"Kawauze ambuya kuti sindikuona kanthu," ndinamuuza mwana, amene anali ataima pakona pa nyumba kudikira ntchito.

Yankho linatulukira pabowo lomwelo, pafupi ndi khutu langa. "Iwe, uwauze kuti ndameza kale."

"Uwauze kuti achipatala sanati ndizimvetsera, anati ndizionerera."

"Uwauze kuti achipatala sanabadwire kuno."

Ndinasolola njerwa ina, ndi inanso, mpaka m'kalilole munaoneka dzanja, kapu ya kansalu kofiira ndi khosi likugwira ntchito yake. Pamenepo ndinkaona bwino lomwe. Koma m'mawa wotsatira maso anga anali atafooka modabwitsa, moti panafunika kuchotsa njerwa zina. Mawa lakenso anafookerako. Ndinkaziunjika mwaulemu pansi pa khoma, ndipo mphepo ndi dzuwa zinayamba kulowa m'chipindamo ngati alendo amanyazi.

"Iwe," anatero apongozi tsiku lina, "afunse atate ako ngati akufuna kugwetsa nyumba yonse, ndiyambiretu kusamutsa katundu."

"Akuti katundu," anatero mwana.

Zenera linkakula, koma mwana ankagonabe momwemo, ndipo madzulo ankatseka bowolo ndi chiguduli china. Ine ndinkadzilimbitsa mtima kuti njerwa zikatha ndipeza nzeru ina.

M'mawa wina ndinafika msanga, ndinachotsa chiguduli, ndinakhala pakampando kanga n'kukweza kalilole. Lamya inali isanadzuke. M'kagalasi kozungulira kaja ndinaona kamutu ka mwana wanga kali pansi pa chibwano cha ambuya ake, bulangete litawakuta onse awiri mpaka m'makutu. Apongozi anayamba kutsokomola, chifuwa chachitali chija chochokera pansi penipeni. Anayesa kutseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje, koma pansi pa bulangete limodzi mpweya ulibe kwina kopita. Atangosiya, kunamveka kachifuwa kena, kakang'ono, kouma. Kawiri.

Panalibe woti ndimutume. Ndinaika kalilole pansi, ndinaimirira, ndinatembenuka, n'kulowetsa mutu pazenera.

Aka kanali koyamba kuwaona nkhope. Anali ndi chipumi cha mkazi wanga ndi masaya a mwana wanga, ndipo anali aang'ono kwambiri kuposa mawu awo.

"Amayi," ndinatero, "mwanayu atuluke."

Anakoka chitenje n'kudziphimba kumaso. Kenako analankhula atayang'ana kudenga.

"Malata inu, mukumva? Khoma la nyumba yanga layamba kulankhula."

"Si khoma, amayi, ndine."

"Ndikudziwa kuti ndinu! Mutu ngati umenewo khoma lingautenge kuti?"

"Pepani. Mlandu ndilipira. Koma mwanayu akupuma mpweya umene inu mukutulutsa, ndipo matendawa amayenda momwemo. Mwamumva watsokomola."

Atayankha, mawu aja otsitsa mitengo panalibe.

"Bambo a ana anga atadwala, anthu anayamba n'kuchotsa mbale. Kenako anachotsa ana m'nyumba. Kenako anabwera ndi makasu. Ine kapu mwandichotsera kale. Mukachotsa uyu, kwatsala makasu."

Zimenezi sindinaziganizirepo. Masiku onsewo ndinkayesa kuti ndikulimbana ndi liuma, pamene munthu ankangowerenga zizindikiro.

"Kapu ibwerere kwa zinzake lero lomwe," ndinatero. "Ilibe mlandu, imangofunika kutsuka. Makasu ali kudimba ndipo akhala komweko, chifukwa mankhwala mukumwawa amachiza, ndipo mukumwadi, ndakuonani ndi maso anga."

"Ndi kalilole."

"Ndi kalilole. Masana muzikhala naye panja pansi pa mango, mphepo ikuwomba, mpaka akutopetseni. Achipatala akadzati matenda asiya kufala, adzabwerera m'khwapa momwemo. Koma panopa kugona muno ayi, amayi. Ndagwira mwendo."

Anatsitsa chitenje pang'ono, osati kuti andione ine, koma mwanayo. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anamugwedeza paphewa.

"Dzuka iwe! Umandiponda usiku wonse ngati bulu, ndatopa nawe. Tenga kansalu kako uzikagona kwa amako. Ndipo uwauze atate ako akutengere kuchipatala lero lino, asadikire za kumsika. Njinga ali nayo, anangochotsa kalilole yekha."

Mwana anadzuka, anatikita maso, anayang'ana mutu wa atate ake uli pakhoma ngati chithunzi chopachika, ndipo poti ntchito ndi ntchito anati, "Akuti njinga."

Tinapita m'mawa womwewo, iye atakhala pakaliyala atandigwira malaya. Anesi anamuyeza, anamumvetsera pachifuwa, anandifunsa ngati amadya bwino, ngati amatentha thupi, ngati akuwonda. Ndinayankha kuti kudya kokha musakayikire. Zonse zitatha anati kachifuwako ndi ka chimfine, TB sanampeze nayo, koma poti wagona ndi wodwala ayambe mankhwala oteteza ndipo amalize monga anenera. Anandiyezanso ine, n'kundituma kukaitana ena onse. Mkazi wanga anapita mawa lake. Amalume anapita akung'ung'udza kuti pa ukalamba wawo wonse sanayambe apemphedwapo makhololo ndi mwana wamkazi, koma kabotolo anadzaza. Tonse anatipeza tilibe. Anesi atamva kuti ine ndi wodwalayo sitinakhalepo chipinda chimodzi chikwatirireni, anati ndine munthu wosamala kwambiri. Sindinafune kuwasokoneza.

Mlandu unazengedwa Loweruka. Ndinali nditayang'ana apongozi kumaso, kuwalankhula mwachindunji, ndiponso ali pamphasa pawo. Amalume anati pa zolakwa zimenezi chilichonse pachokha n'chokwanira kumupatsa munthu chikwama chake, koma poganizira kuti wolakwayo sanamalize sukulu, alipire tambala. Ndinapereka tambala wanga wofiira, amene ankandidzutsa kuti ndikaonerere mankhwala. Poti anesi anati wodwala azidya bwino, anaphikira apongozi. Madzulo mwana anabwera ndi kambale kovundikira n'kukaika pamiyendo panga. Nditavundukula ndinapeza mutu.

"Akuti chiyani?"

Ulendo uno lamya inafikitsa uthenga wonse. "Akuti mudye mutu, poti mumakonda kuulowetsa m'mazenera a eni."

Mwambo utakonzedwa chonchi, tinabwerera ku kalilole. M'mawa uliwonse ndinkayamba ndi wamng'ono kunyumba kwathu, amene mankhwala ake ankafuna kukambirana kwautali, kenako n'kukakhala pakampando kuonerera wamkulu. Masana awiriwo ankakhala pansi pa mango kusenda nshawa ndi kukangana. Kapu inabwerera m'beseni la onse, koma kansalu kofiira apongozi anakana kuchotsa, anati kamawathandiza kudziwa amene wawabera. Chitenje chobiriwira chinayambanso kukwana. Tsiku limene ndinamva mawu awo ali kudimba ine ndili kumudzi, akuuza munthu wina kuti nshawa zake n'zamphwephwa, ndinadziwa kuti achira, ngakhale achipatala anadikira kuyezanso makhololo mankhwala atatha kuti avomereze.

Njerwa zija sizinabwerere. Zina anamangira chisa cha nkhuku, zina zinasowa monga zimasowera njerwa. Uthenga unabwera wakuti amene anaboola ndiye agule felemu. Ndinakhomapo waya wa nkhuku ndi kansalu, mongoyembekezera thonje.

Mwanayo anakhala kwathu nthawi yonseyo, akugona pakati pa ine ndi amake, miyendo kwa ine. Zimene ambuya ake ananena za bulu zinali zoona. Achipatala anali atalola kale kuti abwerere, koma ine sindinafune kuoneka wothamangitsa mwana, ndipo mkazi wanga sanafune kuyambitsa nkhaniyo. Anaiyambitsa ndi apongozi. Tsiku lina ndikukonza tcheni cha njinga ndinamva zidendene zodziwika zikuima kumbuyo kwanga.

"Iwe, kawauze atate ako kuti kuyambira lero ukugona kwa ine, pansi pa zenera lawo lija. Uwauzenso kuti ine sindinamwe mapiritsi miyezi yonseyi kuti ndizikhala ndi mdzukulu mmodzi. Mmodzi sakwana."

Mwana anazungulira njinga, anaima patsogolo panga, nkhope itakwinyika.

"Akuti sindikwana."

"Kawauze ambuya," ndinatero ndikuyang'anitsitsa tcheni, "kuti ndamva."